Galimoto Yodzuka pa Sabata

Kuseri kwa nyumba ya amayi ake ku Chitawira, Morris anamanga chisakasa cha malata akale, ndipo m'chisakasamo munkagona galimoto. Inali bokosibode, ija ya mutu wachitsulo ndi bodi yamatabwa kumbuyo. Bambo ake anaipeza itatayidwa pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, anaikoka mpaka m'tauni, koma Mulungu anawaitana asanaimve kulira. Inatsala m'manja mwa Morris. Masana ankagwira ntchito ku njanji ku Limbe. Madzulo ndi Loweruka ankakhala pansi pa galimotoyo pamodzi ndi mnzake Abdala, dalaivala wa lole ya mmwenye, amene anamuphunzitsa kugwira sipanala.

Loweruka limenelo Abdala sanaoneke chifukwa amayi ake anali kudwala. Amene anabwera anali Vailet, bwenzi la Morris, kaphukusi kali m'khwapa.

"Odi kuno kwa amakaniko! Muli anthu, kapena ndi miyendo yokha ndikuionayi?"

Morris anatuluka chagada pansi pa galimoto, akupukuta manja pa kansanza.

"Miyendoyo ili ndi mwini wake. Fikani, koma musamale diresi. Pano paliponse ndi girisi."

Vailet anamasula kaphukusi kaja. Munali nsalu yobiriwira imene anaisoka yekha pa makina ake a pakhonde la sitolo ku Limbe, yokutira mpando wa kutsogolo. Anaiyala pampandopo, naikoka m'makona mpaka inakhala bwino ngati inabadwira pomwepo.

"Nanga iyi idzuka liti? Paja chaka chatha munati idzuka pa Khirisimasi."

"Injini tamaliza. Kwatsala kuika matayala, kuitsitsa pa njerwazi, ndi paipi ya utsi imene Abdala akuifunafuna ku Limbe. Popanda paipiyo ingalire ngati mfuti." Morris anasisita nsalu ija ndi kumbuyo kwa dzanja, kuopa kuidetsa. "Pampando uwu sipakhala munthu mpaka tsiku limene ndidzakutengereni ku tchalitchi."

"Musalumbire, a Morris. Ingonenani basi."

"Ndanena."

Vailet anamwetulira, koma nkhope yake sinachedwe kubwerera m'malo. Iye analeredwa ndi amalume ake, a Bonface Namakhwa, mkulu wa mpingo, ndipo mawu onse a ukwati wake anali m'manja mwawo. A Namakhwa ankamukana Morris. Ankati munthu wa magalimoto amakhala ndi mkazi pa siteji iliyonse, ndiponso sankakondwera kuti mnyamatayo amaswera ndi Asilamu. Vailet anawachonderera miyezi yambiri, ndipo tsopano anali atalola kuti Morris abwere ndi nkhoswe yake kunyumba kwawo mawa lake, mapemphero akatha.

"Mawa mubwere ndi manja oyera," anatero Vailet. "Amalume amayang'ana zikhadabo. Ndipo mufike ku tchalitchi belu lachiwiri lisanalire. Iwo ndiwo atsogolere pemphero."

"Ndifika mpingo wonse usanadzuke."

"Sakufuna zambiri ayi. Akufuna angoona kuti ndinu munthu woopa Mulungu. Zina zonse ndithana nazo ine."

* * *

M'mawa wa Sabata Morris anali atavala kale shati yoyera ndi jekete ya malemu bambo ake pamene anamva wina akugogoda pa malata a chisakasa. Anali Abdala, wopanda nsapato, chigubu cha petulo chili m'manja.

"Che Morris, amayi atisiya. Apita tambala woyamba atalira."

Morris anamugwira mapewa.

"Pepani, achimwene. Ambuye akutonthozeni."

"Ndabwera ndi pempho, ndipo ndikudziwa kuti lero ndi tsiku lanji kwa inu." Abdala anaika chigubu pansi. "Ife sitigoneka maliro. Dzuwa lisanalowe ayenera kukhala atalowa m'manda, ndipo manda athu ali ku Mbulumbuzi, pamene pagona amayi awo. Anandiuza okha kuti ndisawasiye m'tauni. Lole ya bwana wanga ili ku Lilongwe ndi katundu. Ndazungulira Limbe yense. Amwenye atseka, ena apita ku Zomba. Galimoto imene yatsala ndi iyi."

Onse awiri anayang'ana bokosibode ija, itakhala pa njerwa, yopanda tayala ndi limodzi lomwe.

Amayi ake a Morris anatulukira pakhomo, duku lili kumutu, buku la nyimbo lili m'manja.

"Morris, belu loyamba lalira. Amalume ako a Ellard akudikira ku tchalitchi kuti mukapitire limodzi kwa a Namakhwa."

Morris anaima pakati pa anthu awiriwo. Ankadziwa lamulo lachinayi kuyambira ali mwana wa kalasi, ndipo sanagwirepo sipanala pa Sabata, ngakhale tsiku limene mvula inadontha pa injini. Ankadziwanso kuti mayi wamwalirayo ndi amene ankamutumizira mandasi mu kambale kophimba, akumutchula kuti mwana wake wachiwiri. Anatseka maso. Pemphero lake linali lalifupi, la munthu amene alibe nthawi yosankha mawu: Ambuye, ngati ndikulakwa, mundilange ine ndekha.

Anavula jekete naipereka kwa amayi ake.

"Amayi, pitani mukauze Vailet ndi a Namakhwa zimene zachitika. Muwauze kuti ndibwera kudzagwada ndikabwerako."

"Mwana wanga, ukudziwa chimene ukutaya?"

"Ndikudziwa. Achimwene, bweretsani jeke."

Anagwira ntchito mwachangu. Anakweza galimoto mbali imodzi, kuchotsa njerwa, kuika tayala, kumanga mabawuti, kenako kuzungulira mbali ina. Tayala limodzi linali lophwa, ndipo Abdala analipopa mpaka thukuta linasakanikirana ndi misozi. Morris anathira madzi mu radiyeta, nathira petulo, nagona pansi kukoka mabuleki. Shati yoyera ija inatha. Belu lachiwiri linalira ali pansi pomwepo, ndipo anamva mpingo ukuyamba nyimbo yotsegulira, mawu a amayi akukwera pamwamba pa madenga a Chitawira. Milomo yake inatsatira yokha.

Abdala analowetsa handulo kutsogolo kwa injini.

"Bismillahi," anatero, napukusa.

Zii. Anapukusanso. Injini inatsokomola kamodzi n'kukhala chete. Morris anatsegula boneti, napukuta mapulagi pa shati yake, nawabwezera.

"Yesaninso."

Ulendo uno galimoto ya bambo ake inagwedezeka thupi lonse, inalavula utsi wakuda, ndipo inalira. Nkhuku zinabalalika pabwalo. Morris anayembekezera tsiku limeneli zaka zambiri, ndipo ankaganiza kuti adzavina. Anangokwera n'kugwira chiwongolero.

* * *

Msewu wochokera kwa Abdala kupita ku Limbe unkadutsa pakhomo penipeni pa tchalitchi.

M'katimo Vailet anali atatembenuka kuyang'ana kukhomo mpaka khosi linamuwawa. Amayi ake a Morris, ndi mwendo wawo wovuta, anafika mapemphero atayamba kale, ndipo anakhala kumbuyo, osapeza mpata wonena uthenga. A Namakhwa anaimirira kutsogolo nayamba pemphero lalitali, mpingo wonse utaweramitsa mitu.

Chimenecho chinali chaka cha 1959, ndipo anthu anali asanaiwale mfuti zimene zinalira mwezi wa Marichi pa nkhani ya Chitaganya. Choncho pamene panja panamveka phuu! phuu! phuu! kuyandikira, palibe anaganiza za galimoto. Wina anafuula kuti asilikali. Amayi anagwa pansi pa mabenchi ataphimba ana awo. Anyamata anathamangira kukhomo, ndipo mayi wina wachikulire anadumpha pawindo n'kubinya mwendo. Pemphero la a Namakhwa linathera pakati pa chiganizo.

Amene anatuluka panja anaona bokosibode ikudutsa pang'onopang'ono mu utsi. Kumbuyo kunali amayi ofunda nsalu mpaka kumutu, atazungulira mtembo wokutidwa, ndi abambo a zikofiya atagwira matabwa. Pachiwongolero panali Morris, wakuda bii ndi oyilo. Pambali pake, pa nsalu yobiriwira, panali mtsikana atatsamira mutu pachitseko.

Vailet anaima pamasitepe, manja ali pakamwa. Pafupi naye panafika Bennet, kalaliki wa ku boma amene ankatsogolera kwaya, yemwe anakhala akumufuna Vailet kuyambira kale. Anakonza tayi yake asanayankhule.

"Pepani, achemwali. Uja ndi Aminatu, mlongo wake wa Abdala. Ine sindinena zambiri pa tsiku la Ambuye. Koma munthu sapita kunyumba imodzi madzulo aliwonse chifukwa cha sipanala yokha."

"Kumbuyoko kuli maliro, a Bennet. Simukuona?"

"Ndikuona. Ndikuonanso amene wakhala kutsogolo."

A Namakhwa anatuluka pomalizira, Baibulo lili pachifuwa. Anayang'ana utsi umene unatsala mumsewu, anayang'ana mayi wobinya mwendo uja akunyamulidwa, kenako anayang'ana mwana wa mlongo wawo. Anabwerera m'kati kukamaliza pemphero.

* * *

Lolemba madzulo, dzuwa lisanapendeke kwenikweni, Vailet anamupeza Morris akutsuka matabwa a kumbuyo kwa galimoto. Sanaodire.

"Munafika?"

"Tinafika. Inazima kawiri pa chitunda, anthu anatsika n'kukankha. Anawaika dzuwa likadalipo." Morris anaika ndowa pansi. "Vailet, uthenga wanga unakupezani?"

"Unandipeza zonse zitatha." Anayenda mpaka pachitseko cha galimoto nasuzumira. Nsalu yobiriwira inali ndi fumbi lofiira, ndipo inakwinyika mbali imodzi. "Ndiuzeni za mpando."

"Pamene ankanyamula mtembo m'nyumba, Aminatu anakomoka. Amayi achikulire anamunyamula n'kumukhazika kutsogolo kuti apume mphepo."

"Inu munali kuti?"

"Ndinali pomwepo. Ndinaona, ndinakumbukira mawu anga, ndipo ndinakhala chete. Sindikanatha kuuza mwana wamasiye kuti atsike chifukwa mpando uli ndi mwini wake."

Vailet anafuna kuti Morris akanati sanaone, kapena kuti anaiwala. Zikanakhala zopepuka kumukalipira.

"A Bennet akuuza anthu kuti mumapita kwa Abdala chifukwa cha iyeyo."

"Inu mukukhulupirira?"

"Ndikanakhulupirira sindikanabwera. Koma zandipweteka, a Morris. Ndinaisoka nsalu ija ndikuimba. Dzulo mpingo wonse unaona mkazi wina atakhalapo, ndipo amayi a chigwirizano akundiyang'ana ngati ndine wamasiyeyo." Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Ndinakuuzani kuti musalumbire."

"Munandiuza. Ndikhululukireni."

"Zanga n'zazing'ono, zitha. Sambani. Amalume akukufunani tsopano lino, ndipo ati mubwere nokha, opanda nkhoswe."

* * *

A Namakhwa anamulandira pakhonde. Sanamupatse mpando, ndipo Morris anakhala pansi pa simenti, manja ali pamawondo. Vailet analowa m'nyumba, koma chitseko sanachitseke chonse.

"Nkhani yonse ndaimva kwa amayi anu," anayamba a Namakhwa. "Mtima wanu sindikuutsutsa. Za mtsikana uja sindikuzilowa, ndi nkhani za pamsika. Koma dzulo nyumba ya Mulungu inasanduka khola la mbuzi zothawa fisi. Mayi Lines ali gone, mwendo watupa."

"Ndinapita kukawaona m'mawa ndisanapite kuntchito, bambo. Ndinawapepesa. Ndipepesanso mpingo wonse chifukwa cha phokoso. Ndinayenera kuzimitsa injini ndi kukankha podutsa pa tchalitchi. Sindinaganize. Ndi inunso ndinakunyozani pokudikiritsani. Pepani."

"Zimenezo ndazimva. Nanga Sabata?"

A Namakhwa anapitiriza, akuwerenga pa zala.

"Munakweza jeke, munamanga mabawuti, munayendetsa galimoto, belu likulira. Mawa madzulo akulu a mpingo tikumana. Mudzaime pamaso pathu, munene kuti munachimwa pakuswa tsiku la Ambuye ndipo mwalapa. Tikuimitsani pa mgonero kanthawi, kenako mubwerera. Mukatero, tumizani nkhoswe yanu, ine ndiilandira."

Kuseri kwa chitseko Vailet ankamva zonse. Chimene anachipempherera miyezi yonseyo chinali chitaikidwa pansi, pafupi ndi dzanja la Morris.

"Bambo," anatero Morris pang'onopang'ono, "mukafuna kuti ndiigulitse galimotoyo, ndiigulitsa. Mukafuna kuti ndisese tchalitchi chaka chonse, ndisesa. Koma ndisanavule jekete ndinapemphera, ndipo kuchokera dzulo ndafufuza mumtima mwanga, kulapa sindikukupeza. Abdala atabweranso Sabata likudzali, ndingatengenso jeke. Ndikaima pamaso pa akulu n'kunena kuti ndalapa, ndikhala ndikunamiza Mulungu kuti ndipeze mkazi."

"Ndiye kuti inu mukudziwa malamulo kuposa mpingo?"

"Iyayi, bambo. Koma Ambuye wathu yemwe anachiritsa anthu pa Sabata."

"Anachiritsa amoyo. Inu munanyamula wakufa, amene akanatha kudikira Lolemba."

"Kwa eni ake sakanatha."

A Namakhwa anavula magalasi nawaika pa bondo. Pamene anayankhulanso mawu awo anali otsika.

"Mnyamata, ine ndinawoloka malire kuchokera kwa Apwitikizi ndili pamsana pa amayi anga. Bambo anu akanakhala moyo akanakuuzani zomwezi. Kumeneko anthu ankagwidwa kukalima thonje masiku onse, osadziwa kuti lero ndi lachingati. Titafika kuno tinagwa m'manja mwa thangata. Kapitawo ankatenga Lolemba mpaka Loweruka. Tsiku limodzi lokha ndi limene mzungu sanathe kutilanda, chifukwa linali la Mulungu. Tsiku limenelo amayi anga ankasamba, kuvala nsalu yoyera, n'kukhala munthu. Ndiye inu ana a m'tauni mukufuna mulibowole pang'ono, lero chifukwa cha maliro, mawa chifukwa cha ukwati, mkuja chifukwa bwana wapempha. Ine sindipereka mwana wa mlongo wanga kunyumba kumene Sabata lili ndi khomo la kuseri."

Morris anaweramitsa mutu. Mawuwo anamulowa, chifukwa anali oona. Komabe mumtima mwake simunasinthe.

"Mawa madzulo," anatero a Namakhwa akuimirira. "Mukapanda kubwera, kapena mukabwera ndi mawu omwewa, Vailet akwera sitima ya Lachitatu kupita kwa amayi ake ku Luchenza. Makina ake osokera ndawauza kale anyamata kuti akawatenge ku Limbe. Pitani bwino."

* * *

Vailet anazembera kukhomo la kuseri namupeza pa mpanda wa nkhadze. Maso ake anali ofiira.

"Mwamva zonse?" anafunsa Morris.

"Ndamva."

"Ndiuzeni chochita, Vailet. Mukati ndikanene, ndikanena."

"Musandisenzetse chimenecho." Anathyola kanthambi ka nkhadze, utomoni woyera unadontha pa chala chake. "Pamene amalume anati atumize nkhoswe, mtima wanga unafuula kuti vomerani, vomerani, ndi mawu awiri okha. Ndiye pamene munakana, mtima womwewo unati, ameneyu ndiye mwamuna amene ndikumufuna. Mukanena, munditenga, koma tsiku lililonse la mgonero ndizidzakuyang'anani ndikudziwa. Mukakana, ndikupita."

"Ku Luchenza si kumwamba. Galimoto ikuyenda tsopano."

"Mukadzabwera ndi galimoto kudzanditenga popanda mawu a amalume, ndiye kuti zonse zimene ankanena za anthu a magalimoto zakhala zoona. Sindidzakwera."

Morris anayang'ana kumapiri a Soche, kumene dzuwa linali kutsikira.

"Tiyeni tipemphere," anatero.

"Pempherani inu. Ine ndayesa kuyambira dzulo, mawu sakutuluka."

Asanatseke maso anamva kachitseko ka mpanda kakulira kutsogolo kwa nyumba. Onse awiri anasuzumira. Anali Bennet, atavala suti ngakhale linali Lolemba, ndipo patsogolo pake pankayenda bambo wachikulire wa ndodo ndi chipewa m'manja, mayendedwe a munthu amene watumidwa kudzanena mawu a ukwati.

"Odi, a Namakhwa!" anaitana mkuluyo.

Vailet anagwira mkono wa Morris.

"Aja ndi amalume ake a Bennet," ananong'ona.

Pakhonde panamveka mawu a a Namakhwa, ofatsa ngati nthawi zonse.

"Fikani, fikani. Vailet! Uli kuti? Tulutsa mipando iwiri, kwabwera alendo."